Bwanji tikudikira kuti ayambe kutsokomola?

Mu September 2018 atsogoleri a mayiko anakumana ku New York pa msonkhano woyamba wa bungwe la United Nations wokambirana za chifuwa chachikulu chokhachokha. Mwa zina analonjeza kuti pofika 2022 anthu 30 miliyoni adzakhala atalandira mankhwala oteteza ku TB. Nthawiyo itakwana, amene analandiradi anali 15.5 miliyoni. Nkhani yeniyeni ili m'kati mwa chiwerengerochi. Kwa anthu omwe ali ndi HIV lonjezo linakwaniritsidwa mpaka kupitirira, koma kwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, omwe amayenera kukwana 20 miliyoni, anafikiridwa anali pafupifupi 2 miliyoni basi. Mu 2023 atsogoleri aja anakumananso n'kulonjeza 45 miliyoni pofika 2027. Chiyambire pamenepo mtsutso sunathe pakati pa madokotala, osunga chuma cha maboma ndi mabanja enieniwo: kodi ndi nzeru kumwetsa mankhwala munthu amene sakudwala? Ine ndili kumbali ya amene akuti ndi nzeru. M'nyumba mukapezeka munthu mmodzi wodwala TB ya m'mapapo, aliyense wogona m'nyumbamo, khanda ndi nkhalamba yomwe, ayenera kuyezedwa msanga. Wopezeka nayo ayambe mankhwala ochiza, ndipo amene sanapezeke nayo apatsidwe mankhwala oteteza, osadikira kuti chifuwa chiyambe.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe ndi mmene matendawa amayendera. TB imayamba ndi tizilombo totchedwa Mycobacterium tuberculosis, timene Robert Koch analengeza ku Berlin pa 24 March 1882 kuti watipeza. Timayenda mu mpweya. Wodwala TB ya m'mapapo akamatsokomola, kuyetsemula, kuyankhula ngakhale kuimba, timatuluka m'timadontho tosaoneka ndi maso timene tingathe kukhala m'chipinda chotsekedwa kwa maola angapo. Sitifala kudzera m'mbale, m'kapu kapena popatsana moni, ndiye banja limene limapatulira wodwala mbale yakeyake koma n'kumagona naye m'chipinda chotseka mawindo likulimbana ndi chinthu cholakwika. Tikalowa m'mapapo a munthu wina, kawirikawiri chitetezo cha m'thupi chimatizinga n'kutigoneka. Munthuyo sadwala, sapatsira wina aliyense, ndipo sadziwa n'komwe kuti ali nato. Zili ngati khala la moto lokwiririka m'phulusa: pamwamba pazizira, koma kukawomba mphepo moto uyaka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4 aliwonse padziko anapumirapo tizilomboti, ndipo mwa anthu 100 otere, 5 mpaka 10 amadzadwala pa moyo wawo. Ambiri a iwo amadwala m'zaka 2 zoyambirira. Mphepo yoyatsa khala lija ndi HIV, kusowa zakudya m'thupi, matenda a shuga, fodya, mowa, ndiponso ukhanda, chifukwa chitetezo cha mwana wamng'ono chimakhala chisanakhwime.

Tsopano taganizani mmene munthu amafikira pa chipatala tikamutayirira kuti adzabwera yekha. Wayamba kutsokomola, akuti ndi chimfine. Sabata yachiwiri wagula mankhwala a chifuwa a m'botolo. Sabata yachinayi wamwa mapiritsi ena amene anathandiza mnzake, chifuwa chakhalako bwino pang'ono, kenako chabwerera. Usiku akudzuka malaya atanyowa ndi thukuta, lamba wayamba kumangira pa bowo lina, chakudya sichikukoma. Amene amamunyengerera kuti akayezetse makhololo amapambana pokhapokha atalavula magazi. Masabata onsewo wakhala akugona chipinda chimodzi ndi mkazi wake, akunyamula mwana, akudya pafupi ndi amayi ake okalamba. Ndipo uyu ndi amene ali ndi zizindikiro. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia, woyendera anthu m'midzi ndi m'matauni n'kuwajambula m'chifuwa, wakhala akupeza kuti pafupifupi theka la anthu opezeka ndi TB m'makhololo sanadandaule za zizindikiro zimene a zaumoyo amafunsa. Munthu wotere alibe chomutengera ku chipatala. Mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB, amene anapezeka ndi kulembedwa m'kaundula anali 8.2 miliyoni, ndipo 1.25 miliyoni anamwalira. Anthu oposa 2.5 miliyoni otsalawo sanagwe kumwamba. Ena mwa iwo ndi abale ndi anansi a odwala amene tikuwadziwa kale, ndipo ofufuza akalowa m'nyumba za odwala m'mayiko osauka amapeza pafupifupi anthu 3 mwa 100 akudwala kale, theka la otsala ali ndi tizilombo togona. Ndi ochepa malo ena amene mungapeze TB yochuluka chotero mutagogoda pa khomo limodzi.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Yoyamba ndi ya mayi kapena bambo wamba, ndipo madokotala ena amaivomereza: mankhwala ndi a odwala, nanga munthu wamphamvu zake amwerenji mapiritsi amene angamuwononge chiwindi, pamene mwa anthu 100 oposa 90 sakanadwala n'komwe? Mantha amenewa ali ndi poyambira. Isoniazid, mankhwala oteteza ndi ochiza TB amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1952, amatha kutupitsa chiwindi, makamaka kwa achikulire ndi omwa mowa kwambiri, ndipo amatha kuchititsa dzanzi m'mapazi, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Koma mfundoyi ikuiwala zinthu ziwiri. Choyamba, chiwerengero cha 5 mpaka 10 chija ndi cha anthu onse pamodzi, pamene amene tikunena pano ndi amene angopumira kumene tizilombo, ali m'zaka 2 zoopsa zija. Kwa mwana wosakwana zaka 5 amene tizilombo talowa m'thupi mwake, kafukufuku wasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 5 amadwala m'zaka 2 ngati sanatetezedwe, ndipo TB ya ana imakonda kuthamangira ku ubongo kapena kumwazikira thupi lonse. Chachiwiri, mankhwala anasintha. Kale kunali kumwa isoniazid tsiku lililonse kwa miyezi 6 kapena 9. Lero kuli njira yotchedwa 3HP, yomwe ndi isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa miyezi 3, kumwa ka 12 kokha. Pa kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anthu 82 mwa 100 anamaliza njira yaifupiyi poyerekeza ndi 69 a njira ya miyezi 9, ndipo vuto la chiwindi linagwira osakwana munthu mmodzi mwa 100, pamene pa njira yakale linagwira pafupifupi 3. Choncho funso loyenera silakuti mankhwala ali ndi vuto kapena ayi. Tiyerekeze kumwa ka 12 ndi kumwa mankhwala a mitundu 4 tsiku ndi tsiku kwa miyezi 2, kenako mitundu 2 kwa miyezi ina 4, mapapo atabooka kale. Mankhwala ochizawo nawonso amakhudza chiwindi, mwinanso kuposa.

Pano ndiyenera kuwonjeza kuti wopereka mankhwala ali ndi ngongole yofotokoza. Rifapentine amasandutsa mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira, ndipo munthu amene sanauzidwe akaona zimenezi m'mawa woyamba amasiya pomwepo, poganiza kuti akukodza magazi. Mankhwala omwewa amafooketsa njira zina zakulera monga mapiritsi ndi za pamkono, ndipo sapatsidwa kwa amayi oyembekezera. Maso akayamba chikasu, kapena kusanza kukapitirira, munthu asiye kumwa n'kubwerera ku chipatala tsiku lomwelo. Zimenezi zimatenga mphindi 5 kunena, ndipo nthawi zambiri mphindi zimenezo ndi zimene zimasowa.

Mfundo yachiwiri ndi ya akatswiri, ndipo ndi imene yachedwetsa ntchitoyi zaka zambiri. Iwo amati kumwaza isoniazid ndi rifapentine kwa anthu mamiliyoni kudzabala TB yosamva mankhwala, imene kale ikugwira anthu pafupifupi 400,000 pa chaka. Amakumbukira za ku Tugela Ferry ku South Africa, kumene mu 2006 kunamveka za odwala 53 a TB yosamva pafupifupi mankhwala onse, ndipo 52 mwa iwo anamwalira. Munthu amene anaonapo zotere sangasekedwe akamaopa. Komabe tiyenera kufunsa kuti kusamva mankhwala kumabadwa bwanji. Tizilombo tikamaswana, kamodzi mwa pafupifupi miliyoni kamabadwa kosamva isoniazid mwangozi chabe, ndipo kosamva rifampicin, mankhwala ena a TB ofanana ndi rifapentine, kamapezeka mwa apo ndi apo kuposa pamenepo. M'mapapo a munthu wodwala, makamaka pamene pachita mphako, mumakhala tizilombo mamiliyoni mazanamazana, kotero tosamva mankhwala timakhalamo ndithu. Mukam'patsa mtundu umodzi wokha wa mankhwala, mupha tonse tomva, n'kusiya tosamvato tikuswana popanda wopikisana nato. Ichi n'chifukwa chake wodwala amapatsidwa mitundu 4 nthawi imodzi, phunziro limene madokotala analitola m'zaka za m'ma 1940 ataona streptomycin, mankhwala oyamba ochiza TB, payekha akuleka kugwira ntchito pakangopita miyezi yochepa. Munthu wa tizilombo togona ali nato tochepa zedi, ndiponso sitikuswana mothamanga, choncho mwayi woti mukhale kosamva mankhwala ndi wochepa kwambiri. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana sanapeze umboni wooneka woti mankhwala oteteza akuchulukitsa TB yosamva mankhwala. Ngozi yeniyeni ndi imodzi: kupereka mankhwala oteteza kwa munthu amene akudwala kale koma sanayezedwe bwino. Yankho la ngozi imeneyi ndi kuyeza, ndipo kuyeza ndi theka loyamba la zimene ndikupempha. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, amapeza TB m'makhololo m'maola pafupifupi 2, n'kunenanso ngati ikumva rifampicin. Maikulosikopu, njira ya m'nthawi ya Koch, amaphonya odwala ambiri. Kuyambira 2021 WHO inavomerezanso mapulogalamu a kompyuta owerenga zithunzi za X-ray kumene kulibe dokotala wodziwa kuwerenga. Amene amaopa TB yosamva mankhwala akanayenera kukhala oyamba kufuna kuti m'nyumba mulowedwe, chifukwa ambiri odwala TB yotereyi anachita kupatsiridwa ndi munthu wina amene anachedwa kupezeka.

Ena amati ana analandira kale katemera, ndipo amaloza chipsera cha pa mkono. Katemera wa BCG, amene Albert Calmette ndi Camille Guérin anapanga ku France n'kuyamba kuperekedwa mu 1921, amateteza makanda ku TB ya mu ubongo ndi yomwazikira thupi lonse, ndipo mwana aliyense woyenera kulandira alandire. Koma saletsa mokwanira TB ya m'mapapo kwa achinyamata ndi akuluakulu, omwe ndi amene amafalitsa matendawa. Katemera watsopano wotchedwa M72 anateteza pafupifupi theka la anthu pa kuyesa koyambirira, ndipo kuyesa kwakukulu kunayamba mu 2024. Zotsatira zake zitenga zaka. Mwana amene akugona pafupi ndi bambo wotsokomola usiku uno sangadikire zimenezo.

Mfundo imene imandivuta kwambiri kuyankha ndi yakuti kumene TB ili ponseponse, munthu akamaliza mankhwala oteteza amapumiranso tizilombo tina mawa lake, ndiye phindu lili pati? Ku migodi ya golide ya ku South Africa anayesa kupereka isoniazid kwa ogwira ntchito masauzande ambiri kwa miyezi 9, pa kafukufuku wotchedwa Thibela. Zotsatira zitatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti anthu ankatetezedwa pamene akumwa, koma atasiya chitetezo chinatha msanga, ndipo TB ya m'migodimo sinatsike. Izi n'zoona ndipo sindizibisa. Koma mgodi ndi malo a fumbi lowononga mapapo, a HIV yochuluka, a anthu ogona mothithikana, kumene gwero la tizilombo siliuma. M'nyumba gwero limadziwika ndi dzina, ndipo likayamba mankhwala oyenera limaleka kupatsira ena pakapita masabata ochepa. Apa mankhwala oteteza amagwira ntchito yomwe anapangidwira, yopha tizilombo timene talowa kale. Ku Bethel ku Alaska, kumene TB inkapulula anthu m'zaka za m'ma 1950, George Comstock ndi anzake anayamba kupereka isoniazid m'mabanja mu 1957, pa nthawi imene odwala nawonso ankafufuzidwa ndi kuchizidwa. TB inatsika ndi kupitirira theka mwa amene anamwa, ndipo chitetezocho chinaonekabe patapita zaka pafupifupi 20. Kusiyana kwa Thibela ndi Bethel kukutiuza kuti mankhwala oteteza paokha sakwanira. Ayenera kuyenda limodzi ndi kupeza odwala, ndipo kupeza odwala nakonso kuli ndi umboni wake: ku Ca Mau ku Vietnam, kuyeza akuluakulu onse chaka ndi chaka kwa zaka 3 kunatsitsa TB ndi 44 peresenti poyerekeza ndi madera amene sanayezedwe.

Nanga ndalama? Osunga chuma amati thumba ndi lochepa, tiyambe ndi odwala. Thumba ndi lochepadi: mu 2023 ndalama zothana ndi TB m'mayiko osauka ndi apakati zinali pafupifupi madola 5.7 biliyoni, pamene mayiko anagwirizana kuti pakufunika 22 biliyoni pa chaka. Palibe amene akunena kuti wodwala alandidwe mankhwala kuti apatsidwe wosadwala. Koma kuwerengera kwawo kumaima pa khomo la chipatala. WHO imati pafupifupi theka la mabanja a odwala TB amataya ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo 5 a zimene amapeza pa chaka, ngakhale kumene mankhwala ndi aulere, chifukwa cha maulendo, zakudya ndi ntchito imene yaima. Banja limene lapirira zimenezi miyezi 6, kenako chaka chamawa mkazi n'kudwalanso, siliimanso. Boma nalo lidzalipira kuyeza, kuchiza, mwina ndi bedi la m'chipatala, pa munthu amene akanatetezedwa ndi kumwa ka 12. Kusunga ndalama kotereku n'kungosuntha ngongole kupita chaka chamawa, itachuluka.

Pali nkhawa ina yochokera kwa odwala eniake, ndipo iyi ndimaimva ndi mtima wonse. Wa zaumoyo akafika pa khomo ndi timabotolo ta makhololo, anansi onse adziwa. Kumene anthu amaganiza kuti TB ndi HIV n'chimodzi, kapena kumene mkazi angathamangitsidwe pa banja chifukwa cha matenda, kudziwika kumeneku kuli ndi mtengo wake. Alipo odwala amene amapereka adiresi yabodza pa chifukwa chimenechi. Yankho langa ndi lakuti kufufuza a m'nyumba kuyambire pa wodwalayo: afunsidwe, asankhe ngati abale abwere okha ku chipatala kapena ayenderedwe, ndiponso nthawi yake. Mankhwala oteteza asakakamizidwe kwa wamkulu aliyense. Koma kuleka kufufuza kuti tisunge chinsinsi n'kulipira chinsinsicho ndi mapapo a mwana amene sanafunsidwe maganizo. Komanso chinsinsi cha TB sichikhalitsa, thupi limaulula lokha. Ndaona kuti kusalana kumakula pamene anthu akuona TB ngati imfa yosadziwika kochokera. Banja likauzidwa kuti matendawa amachizika, kuti odwala pafupifupi 85 mwa 100 oyamba mankhwala amachira, ndiponso kuti ena onse ali ndi chochita chodziteteza nacho, mantha amachepa. Zakuti wodwala achotsedwe pa nyumba zinatsutsidwa kalekale. Ku Madras ku India, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anayerekeza odwala ochizidwira kunyumba ndi ogonekedwa m'chipatala chapadera. Anachira mofanana, ndipo abale a ochizidwira kunyumba sanadwale kuposa enawo, chifukwa kupatsirana kunali kutachitika kale mankhwala asanayambe.

Otsiriza ndi amene amati TB ndi matenda a umphawi, ndipo mapiritsi ndi njira ya maboma yozembera nkhani ya njala ndi nyumba zothinana. Amakumbutsa kuti ku England ndi mayiko ena a ku Ulaya imfa za TB zinayamba kutsika kalekale streptomycin asanatulukiridwe mu 1943, pamene anthu anayamba kudya bwino ndi kugona m'nyumba zopita mphepo. Ndikugwirizana nawo pafupifupi pa zonse. Ku Jharkhand ku India, kafukufuku wotchedwa RATIONS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anapereka chakudya mwezi ndi mwezi kwa a m'nyumba za odwala, ndipo TB pakati pawo inatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Koma taonani kumene chakudyacho chinapita: kwa a m'nyumba ya wodwala, anthu omwewo amene ndikunena kuti tiwafufuze. Simungawapatse chakudya musanawadziwe. Ndipo kutsika kwa ku Ulaya kuja kunatenga zaka pafupifupi 100, mibadwo ingapo ikufa podikira. Kumenyera malipiro abwino ndi nyumba za mawindo kupitirire, koma sikungakhale chifukwa chomanira mwana wa zaka 2 mankhwala amene alipo lero.

Kumene ntchitoyi imagwa kawirikawiri ndi pa ana aang'ono, ndipo ndi pamene ndikufuna a zaumoyo ndi makolo alimbikire. Mwana wamng'ono satulutsa makhololo, amameza. Kawirikawiri satsokomola mochititsa mantha. Amangosiya kusewera, thupi limatentha masabata 2 osasiya, sikelo imaima malo amodzi mwezi ndi mwezi, mwina pakhosi patuluka zotupa. Chifukwa chakuti kuyeza n'kovuta, ambiri amabwezedwa kuti adzabwere akadzayamba chifuwa. Njira zilipo: WHO inavomereza kuyeza chimbudzi cha mwana pa GeneXpert, popeza makhololo omezedwa aja amatulukira kumeneko, ndipo kwa anthu omwe ali ndi HIV amene adwalika kuli kuyeza mkodzo. Mwana wosakwana zaka 5 wa m'nyumba ya wodwala, ngati akusewera, akudya ndipo akukwera sikelo, malangizo a WHO amalola kuti ayambe mankhwala oteteza popanda kuyeza magazi kapena khungu, ndipo alipo mapiritsi osungunuka m'madzi opangira ana. Ngakhale mabanja a odwala TB yosamva mankhwala, amene kale ankangouzidwa kuti adikire n'kumaonedwa, kuyambira 2024 ali ndi levofloxacin wa miyezi 6 amene WHO inavomereza. Choncho munthu akamalandira botolo lake loyamba la mankhwala a TB, funso lakuti kunyumba kuli anthu angati ndipo wamng'ono ali ndi zaka zingati lifunsidwe tsiku lomwelo. Wa zaumoyo akaiwala, wodwalayo kapena womudikirira alifunse yekha, ndipo asachoke asanapatsidwe tsiku lobweretsa anawo.